Chitini cha Mapilisi a Bambo

"Zonse tayani, koma chitini ichi ayi," anatero mchimwene wake, atachikumbatira ngati khanda.

Namwino anangomuyang'ana. Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo awo m'manda, ndipo awiriwo ankalongedza katundu m'kasitolo ka mankhwala ka malemuwo, amayi awo atakhala pampando pakhomo.

Chitinicho ndicho chinadanitsa Namwino ndi bambo ake. Nthawi ya mliri ija kunabuka mphekesera yoti mankhwala a njoka za m'mimba za ng'ombe amachiza chifuwa cha mliriwo. Anthu ankandanda pakhomo pomwepa, bambo n'kumawagawira timapilisi m'maenvelopu. Namwino, amene tsiku ndi tsiku ankaona anthu akubanika kuchipatala komwe ankagwira ntchito, anawakalipira pafoni kuti, "Mukupha anthu, bambo." Kuchokera apo unangotsala moni basi, zaka ziwiri zathunthu. Tsopano matenda a mtima anali atawatenga mwadzidzidzi, ndipo iye sankadziwa kuti awalire kapena achite nawo manyazi.

"Msewu wonse uno unachira ndi amenewa," anatero mchimweneyo. "Kafunse telala. Pamaliro paja amalira kuposa ife."

"Telala amalira ndi paukwati pomwe. Ndipatseni, achimwene."

Anayamba kulimbirana ngati ana, chivundikiro n'kufwamphuka. Mapilisi anangoti mbwee pansi ponse. Namwino anatola limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza. Kenaka analinyambita.

"Awa ndi mavitamini."

Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Bambo anu za ng'ombe akanazidziwira kuti? Munthu woopa ndi nkhuku yomwe uja."

"Ndiye ankanamiza anthu?"

"Anthu ankabwera atatsimikiza kale, mwanawe. Ukawakaniza, ankakagula a ng'ombe enieniwo kumsika. Wometa uja anatsala pang'ono kufa nawo. Ndiye bambo anu ankati, 'Angawa ndi amphamvu kuposa amenewo, koma ali ndi malamulo ake.'"

Mchimwene anakhala pakatoni.

"Moti ine ndinabindikira m'nyumba milungu iwiri chifukwa cha vitamini?"

"Iwe inakwana itatu," anatero amayi. "Unkatiuza kuti ukumva mphamvu zikukwera m'miyendo."

Namwino anaseka nawo pang'ono chabe. Zaka ziwiri zonse zija anakwiyira munthu wosalakwa, ndipo mwayi womupepesa panalibenso.

"Bwanji osandiuza, amayi?"

"Ankati iwe sutha kunama, ndipo iwo sakufuna kukhala okuphunzitsa."

Amayi anadzuka, n'kukoka kabati ya pansi pa kauntala. Munali maenvelopu otsala, onse olembedwa kale ndi dzanja la bambo, zilembo zopendekera zija. Anapatsira Namwino imodzi.

*Sambani m'manja musanamwe. Musatuluke m'nyumba masiku khumi ndi anayi, mphepo imawasukulutsa. Musaphatikize ndi a kumsika, sagwirizana.*

"Mphepo imawasukulutsa," anabwereza mchimwene, akupukusa mutu. "Ine mpaka mawindo ndinatseka."

Namwino sanamumve. Pansi penipeni panali lamulo lomaliza, lolembedwa mzere kawiri kunsi kwake.

*Mukayamba kubanika, siyani mapilisiwa, thamangirani kuchipatala, wodi yachitatu. Mukafunse mwana wanga. Amadziwa kuposa ine.*

Anakhala pansi pakati pa mapilisi omwazikawo, n'kutenga envelopu ina, kenaka inanso. Mawuwo analipo pa iliyonse.