Kawotchi ka Pansi pa Chithunzi

Lolemba lina mu Okutobala, a Mwavi Nkhoma atalawirira kudambo kukathirira nazale yawo ya fodya, anapeza zomwe mlimi aliyense wa ku Chamama amaziopa. Pakati pa bedi loyamba panali malo aakulu ngati lichero pomwe mbande zinali zitagona, timitengo take titaonda ndi kuda m'munsi. Mabedi analipo atatu, ndipo chaka chonse cha banja lawo chinali pomwepo. Mbande zikafa, mvula yoyamba imakupeza wopanda chowokera, ndipo chaka chimenecho umangoonerera anzako akupita kumsika.

Mwayi wake a Mwavi anali ndi foni yamakono yomwe mwana wawo Lusekelo anawagulira ku Lilongwe. Pamsonkhano wa kalabu, mlangizi wa zaulimi, Mayi Clara Zimba, anali atauza alimi kuti akaona chachilendo m'nazale azitumiza chithunzi, chifukwa matenda a mbewu safotokozeka bwino pakamwa. A Mwavi anagwada n'kuyamba kujambula. Munthu akakhala ndi nkhawa chala sichimva kuti basi. Anajambula zithunzi khumi ndi ziwiri, n'kuwonjezera kavidiyo koyenda nako bedi lonse, kenako anatumiza zonse pakamodzi.

Zithunzi zinaoneka zitandandalika pansi pa dzina la alangizi, ndipo a Mwavi anaika foni m'thumba mtima uli m'malo. Chomwe sanaone n'chakuti pansi pa chithunzi chilichonse panali kawotchi kakang'ono ngati njere ya mapira. Maso awo anali atayamba kale kuvuta, komanso palibe anawauzapo tanthauzo la kawotchi kameneko.

Tsiku linatha popanda yankho. Lachiwiri linacha, foni ili zii.

"Bambo a Lusekelo, bwanji osangowaimbira alangiziwo?" anafunsa akazi awo, a Feliya, akutunga madzi pachitsime cha panazale.

"Ndiwaimbire kuti atani? Zithunzi aziona. Angofuna ndiwagwadire."

Apa panali kankhani. Pamsonkhano womwe uja Mayi Zimba anadzudzula a Mwavi pagulu chifukwa chofesa nazale pamalo amodzi zaka zitatu zotsatizana. A Mwavi anayankha kuti iwo anayamba kulima fodya alangiziwo asanabadwe, anthu n'kuseka. Tsopano mumtima mwawo anatsimikiza kuti mayi uja akuwabwezera. Sanali munthu woipa a Mwavi. Anali wolimbikira ntchito, wosasunga mangawa nthawi yaitali, koma manyazi akawagwira ankawabisa m'makani.

"Mayunitsi muli nawo, kuimba si kugwada," a Feliya anayesanso.

"Mayi a Lusekelo, ine sindipempha kawiri."

A Feliya anangosenza ndowa yawo. Zaka makumi atatu za banja zinawaphunzitsa kuti bambowa akauma khosi, mawu ako amangowonjezera nkhuni pamoto.

Masana ake kunadutsa a Tsoka, alamu awo a Mwavi, omwe nazale yawo inali tsidya lina la dambo. A Tsoka sanasowepo yankho pa funso lililonse, kaya la ng'ombe, kaya la mpira. Anaima panazale manja ali m'chiuno, n'kupukusa mutu.

"Alamu, apa palibe matenda. Ndi dzuwa ili. Mbewu ikagona ndiye kuti ili ndi ludzu. Onjezani makeni a madzi, muzithirira katatu patsiku, ndipo udzu wophimbirawu uchuluke kuti chinyezi chisathawe."

"Ndinatumiza zithunzi kwa alangizi, koma ali chete."

"Aaa, a m'maofesi aja! Akamaona zithunzi za ife alimi amangopitirira. Fodya tinkalima kale kopanda mafoni."

Mawu amenewa anawatsekemera a Mwavi chifukwa anagwirizana ndi zomwe zinali kale mumtima mwawo. Anawonjezera madzi, anawonjezera udzu. Ankasenza makeni mpaka mapewa kuwawa, osadziwa kuti akudyetsa matenda omwe ankafuna kuwathamangitsa. Pofika Lachinayi bedi loyamba linali litatha, lachiwiri litayamba mawangamawanga. Akakweza udzu ankamva fungo la chinthu chowola. A Feliya anawapeza atakhala pachulu, chipewa chili m'manja, ndipo anawamvera chisoni koposa kuwakwiyira.

Lachisanu m'mawa foni inazima, ndipo a Mwavi anapalasa njinga kupita ku Chamama kukaitchajitsa pagolosale ya a Khamisi. A Khamisi ankagulitsa sopo, mchere ndi mayunitsi, ndipo mafoni a theka la dera ankadutsa m'manja mwawo.

"A Nkhoma, nkhope yagwa bwanji? Kunyumba kuli bwino?"

A Mwavi anafotokoza zonse, n'kumaliza ndi mkwiyo. "Masiku anayi, a Khamisi! Munthu waboma kuona zithunzi n'kukhala chete!"

Foni itayaka, a Khamisi anapempha kuti aone. Anaiyang'ana kamphindi, kenako anaitembenuzira kwa mwini wake, chala chili pansi pa chithunzi choyamba.

"Mukukaona kawotchi aka? Ndiye kuti chithunzi sichinatuluke m'foni mwanu. Chikatuluka pamabwera kachizindikiro kochonga kamodzi. Chikafika kwa mwini wake timakhala tiwiri. Alangizi aja sanaone kalikonse."

A Mwavi anayandikiza foni pamphuno. "Koma bandulo ndinagula!"

"Vuto si bandulo. Nsanja ya netiweki ija ya kuseri kwa msika akuikonza kuyambira Lamlungu. Mafoni achuluka kuno, aliyense akutumiza zithunzi ndi mavidiyo, ndiye zida zakale zimalephera kusenza. Akuika zatsopano zamphamvu. Koma pamene akukonza, asiya kanjira kochepa. Mukudziwa akamamanga mlatho amagoneka mtengo umodzi pambali, wapansi amawoloka koma ngolo ya mabelo imadikira. Kuimba ndi meseji ya mawu ndiye wapansiyo. Inu munatumiza ngolo yodzaza."

"Nanga bwanji sanatiuze?"

A Khamisi anatsegula mameseji n'kuwaonetsa uthenga wa kampani ya mafoni womwe unafika sabata yapitayo. Unali wosatsegulidwa, pakati pa mameseji a mipikisano omwe a Mwavi sankawawerenga n'komwe.

"Imbani pompano," anatero a Khamisi. "Akuti nsanja amaliza lero kapena mawa, koma mbande sizidikira nsanja."

Foni inangoitana kawiri. "Bambo Nkhoma, mwadzuka bwanji?" Mawu a Mayi Zimba anali ansangala, opanda n'kachizindikiro komwe ka mangawa. Manyazi anawagwira a Mwavi. Atafotokoza, alangizi anawafunsa mafunso atatu okha, za mtundu wa timitengo, za madzi ndi za udzu.

"Musathirenso lero. Chotsani udzu wambiriwo kuti mphepo ipite. Ndikupezani masana ano."

Anafikadi panjinga yamoto dzuwa litapendeka. Anazula mbande imodzi n'kuwaonetsa a Mwavi ndi a Feliya pomwe inaolera.

"Awa ndi matenda a kuola kwa mbande. Amakhala m'dothi, makamaka pomwe pafesedwa kawirikawiri, ndipo amakonda chinyezi. Madzi ambiri ndi udzu wothithikana ndiye chakudya chake. Mabedi awiriwa apita. Lachitatu tilipulumutsa, muzule zodwala, muchepetse madzi, mupopere mankhwala omwe ndikulembereni. Ndilankhulanso ndi a kalabu, mwina ena adzakugawirani zotsala akamaliza kuwokera."

"Amayi, ndinakuganizirani zoipa," anatero a Mwavi, maso ali pansi. "Ndimati mukundibwezera za kumsonkhano zija."

"Bambo, mukanangoimba, kapena kulemba mawu awiri. Chithunzi chimathandiza, koma chimodzi chooneka bwino n'chokwanira. Ndipo mukatumiza, onetsetsani kuti chafika."

Asanamalize, foni ya m'chikwama mwawo inalira. Inaliranso, n'kuliranso, osalekeza. Nsanja ija inali itayamba kugwira ntchito. Mayi Zimba anatulutsa foni, ndipo zithunzi za a Mwavi zinali kulowa chimodzichimodzi, zowala bwino, kavidiyo kaja n'kufika pomaliza.

Onse atatu anaweramira pafoni. M'chithunzi choyamba bedi linali lobiriwira kuyambira uku mpaka uko, kupatula kamalo kamodzi pakati. A Mwavi anakweza maso n'kuyang'ana bedi lomwelo patsogolo pawo, matope okhaokha ndi udzu wonunkha.

"Lolemba zinali chonchi?" anafunsa Mayi Zimba motsitsa mawu.

"Zinali chonchi."

"Tikanangozula pakatipa n'kuchepetsa madzi. Mabedi onse atatu akanakhalapo."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Mwavi, ndipo a Feliya, omwe anali ndi ufulu wonse wonena kuti ndinakuuzani, anangotenga lichero n'kugwada pabedi lachitatu. Patapita kanthawi amuna awo anagwada pambali pawo, n'kuyamba kuzula mbande zodwala imodziimodzi.

Phunziro: Uthenga womwe uli m'foni mwanu si uthenga womwe wafika. Mukatumiza chithunzi pa nkhani yofulumira, onani ngati chadutsa, tumizani chimodzi osati mulu, ndipo yankho likachedwa imbani. Musaweruze munthu chifukwa wakhala chete musanadziwe ngati wakumvani. Paja safunsa anadya phula.