Kabatani Komata ndi Guluu

Kabatani ka wailesi ndinakamata ndi guluu chifukwa cha Phwiti. Mwana wangayu ali ndi zaka zitatu, koma zala zake sizikhala pansi. Ndikangotembenuka kukatereka madzi, iye wapotokola kale kabatani kosakira masiteshoni, wailesi n'kumangoti shwiii. Ndiye tsiku lina ndinaisaka bwinobwino siteshoni yathu yaing'ono ija, n'kudonthezera guluu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlamu wanga, mchemwali wa bambo a Phwiti amene timakhala naye, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Wailesi imeneyo sindinkaisungira nyimbo.

Phwiti amagwa khunyu. Mankhwala ake amafika ku chipatala cha kutsidya kwa njanji nthawi imene afunira, ndipo akafika sachedwa kutha. Anesi ankatumiza uthenga ku siteshoni yaing'onoyo, ndiye m'mawa, akatha mauthenga a maliro, woulutsa ankati, "Amayi a ana a khunyu, mankhwala afika." Ndikangomva choncho, mwana kumbuyo, ulendo. Masiku ena onse ndinkapita kukachapa m'nyumba za anthu. Zoti ndizikasuzumira ku chipatala tsiku ndi tsiku sizikanatheka. N'kutali, komanso eni zovala sadikira munthu.

M'mawa wina ndinatsegula wailesi n'kumva ng'oma zokhazokha, ndi munthu wolankhula ngati akumuthamangitsa, akutsatsa mafoni. Mawu ake ankamveka bwino ngati wakhala pampando wathu. Ndinati kaya alemba wantchito watsopano. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinakhala ndikutchera khutu pakati pa nyimbozo kudikira uthenga wa anesi, uku mapiritsi m'kabotolo akuchepa. Atatsala oti ukagwedeza salira n'komwe, ndinanyamula wailesi kupita nayo kwa a Mawaya, amene amakonza mawailesi pakhonde la golosale.

"Amake Phwiti," anatero a Mawaya, "wodwala ndi uti, wakumbuyoyo kapena wam'manjayo?"

"Wam'manjayu. Wayamba kubwebweta."

Anaitsegula, anamvetsera, kenaka anayesa kupotokola kabatani. Kanakana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Anamata ndani?"

"Ineyo."

"Ndiye munaimangitsa ukwati ndi siteshoni imodzi, eti? Pepanitu, mwamunayo anasamuka."

"Musandiseke, bambo. Anasamukira kuti?"

Anaika sikuludiraiva pansi. "Mlengalengamu muli malo ngati mabenchi a mumsika, siteshoni iliyonse ndi nambala yake. Masiteshoni anachuluka, anayamba kupondana, mawu a uyu kumamveka mwa uyo. Ndiye a boma anagawanso malo. Pamene panali yanu paja anapatsa yaikulu, yofika dziko lonse. Yanuyo anaikankhira kumapeto kwenikweni, n'kuichepetsanso mphamvu. Akuti malo abwino asamangowonongeka ndi siteshoni ya anthu ochepa."

"Anthu ochepawo ndi ifeyo?"

"Inu ndi ine."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Analengezatu. M'nyuzipepala, ndi pa siteshoni yomweyo masana."

Masana ine manja amakhala ali m'thovu ku nyumba za eni, wailesi ili yokha kunyumba. Nyuzipepala ndimaiona itakulunga sopo.

A Mawaya anapala guluu ndi lezala. Kabatani kanasweka pakati, n'kutsala kachitsulo kokha. Anakagwira ndi pulayala, n'kuyendetsa kamuvi pang'onopang'ono mpaka kanagunda kumapeto. Kunali shwiii basi. Anaimirira, n'kugunditsa mlongoti wa wailesi ku nsanamira yachitsulo ya khondelo. Pamenepo mawu a woulutsa wathu uja anatulukira, aang'ono ngati a munthu amene wagwera m'chitsime.

"...tikubwerezanso, amayi a ana a khunyu, mankhwala amene anafika Lolemba atha. Dikirani uthenga wina."

A Mawaya sanasekenso. Anakulunga zidutswa za kabatani m'kapepala n'kundipatsa, ngati zili ndi ntchito.

Ndinapitabe ku chipatala tsiku lomwelo, poti mwina pansi pa kabati panatsalako. Anesi a pawindo la mankhwala amandidziwa.

"Mayi, munali kuti? Tinalengezatu."

"Ndinali pa wailesi, anesi. M'mawa uliwonse."

"Anatenga a kumtunda, oyandikana ndi siteshoniyo. A kumunsi kwanuko sitinaone ndi mmodzi yemwe. Ife timadabwa."

Iwo ankadabwa. Ine ndinabwerera ndi kabotolo kanga.

Mapiritsi atatha, Phwiti anagwa pakhomo akuthamangitsa nkhuku ya aneba. Anamenyetsa kamwa pasitepe, dzino lakutsogolo n'kubenthuka. Ndinamugoneka cham'mbali monga anesi anandiphunzitsira, ndikumupukuta magazi ndi thovu, ndikudikira kuti miyendo isiye kukankha. Atatsitsimuka anandiyang'ana ngati mlendo. Kenaka anapempha madzi.

Nyumba yathu ili kumunsi, ndipo nambala yatsopanoyo sifikako. Ndayesa kuika wailesi pawindo, pamwamba pa kabati, ngakhale kumangirira waya kudenga. Palibe. Malo okha apafupi amene ndapeza ndi pa mlatho wa njanji. Ndiye m'mawa uliwonse ndimabereka Phwiti, wailesi m'khwapa, pulayala imene a Mawaya anandibwereka m'thumba, n'kukwera chitunda. Ndimagunditsa mlongoti ku chitsulo cha mlatho, khutu pa sipika, n'kumvetsera maliro onse mpaka athe. Anthu odutsa amandiyesa wamisala. Kochapa ndimafika dzuwa litakwera, ndipo adona a nyumba imodzi apeza kale mtsikana wina wosachedwa.

Uthenga sunabwerebe.

Dzulo nditabwerako ndinapeza mlamu akusesa. Analanda wailesi, n'kupotokola kachitsulo kaja mpaka anapeza siteshoni yaikulu. Nyimbo zinadzaza nyumba, Phwiti n'kuyamba kuvina, dzino lobenthuka lili pamtunda.

"Komatu alamu, pakukonza akonza," anatero. "Tamvani mmene ikumvekera. Kale inkachita phokoso ngati mvula pamalata."

Ndinamvetsera. Ikumvekadi bwino. Mawu aliwonse amafika athunthu, mafoni, sopo, mpira, zonse. Khunyu yokha sinatchulepo.