Mpeni wa Malemu Gaspard

Solange ankanola sizasi ya telala wina pamene Ginette analowa m'shopu, dengu la kumsika lili pamkono, tsitsi litanyowa ndi mvula yowaza. Ginette anali mkazi watsopano wa Fernand, mkulu wake wa malemu Gaspard, mwamuna wa Solange. Anakwatiwa maliro atapita kale, ndipo ku Thiers kuno, tauni ya osula mipeni, anali akadali mlendo, wosokerabe m'tinjira totsetsereka ta m'tauni.

"Achemwali, tazimitsani kaye makina anuwo, ndabwera ndi zachinsinsi," anatero Ginette akutseka chitseko ndi phazi.

Solange anazimitsa, napukuta manja pa epuloni. "Chinsinsi chanji chobwera nacho tsiku la msika, tauni yonse ikukuonani?"

"Alamu anu tsiku lawo lobadwa ndi Lamulungu. Munthu uja kumugulira malaya ndi kutaya nthawi, savala. Ndiye ndaba kampeni kawo kopinda kuti mundikonzere. Madzulo alionse akakhala pampando ndi tseku, tseke, tseku, tseke, mpaka ine mutu kuwawa. Sadulira kanthu, ngakhale soseji. Pano chitsulo chake changoti gwedegwede ngati dzino la nkhalamba."

Anapisa pansi pa dengu, pakati pa tchizi ndi anyezi, natulutsa kanthu kokulunga m'kansalu. Solange anamasula kansaluko akumwetulira. Kumwetulirako kunathera pomwepo.

Chogwirira chinali cha nyanga ya ng'ombe, chakuda, chokhala ndi mzere woyera. Chakumapeto kwake kunali chipsera, pomwe Gaspard anauiwala pa mbaula yotentha chaka chomwe anatsegula shopuyi. Misomali iwiri yogwira nyanga inali yoyera, koma wachitatu, womwe chitsulo chimazungulirapo, unali wamkuwa. Anaukhoma yekha Solange msomali umenewo. Ndipo ndi iye yemwenso, ndi dzanja lomweli, amene anaika mpeniwu m'thumba la jekete ya mwamuna wake ali chigonere m'bokosi.

Anagwira m'mphepete mwa tebulo, nakhala pansi osayang'ana ngati mpando ulipo.

"Mwautenga kuti?"

"Ndanena kale, m'dilowa ya masokosi. Bwanji kodi? Sungakonzeke?"

"Mpeni uwu uli kumanda."

Ginette anaseka, poyesa ndi nthabwala za anthu a mipeni zomwe sanazizolowere. Ataona kuti mnzakeyo sakuseka, analeka.

"Kumanda kuti?"

"M'thumba mwa Gaspard. Kumanzere. Ndinaikamo ndekha, ndi kumanga batani."

"Mayo ine!" Dengu linagwa, anyezi anagubuduzika mpaka pansi pa makina. Ginette anapukuta zala zake pa siketi ngati wagwira mtembo weniweniwo. "Ndiye kuti ndakhala ndikugona chipinda chimodzi ndi... Ayi, achemwali, mipeni imafanana. M'tauni muno aliyense ali nawo wa nyanga."

"Wachipsera ichi ulipo umodzi."

M'mutu mwa Solange munadzaza zoopsa zokhazokha. Anaona manda atafukulidwa, bokosi litang'ambidwa. Koma dzana lomweli anali komweko kukasintha maluwa, ndipo mwala unali pamalo pake, ndere zitamera m'mbali. Anatenga foni.

"Alamu, bwerani kuno ku shopu. Ayi, osati masana. Pompano."

Fernand sanali patali, ankamwa khofi ndi anzake kumtunda kwa msika. Analowa akupuma mwawefuwefu, chimimba patsogolo, nthabwala ili kale pakamwa.

"Kodi kwapsa chiyani? Akazi awiri mukagwirizana, mwamuna akonzekere kul..."

Anauona mpeni uja patebulo. Anavula chipewa pang'onopang'ono, nkhope yonse itachita mbuu. Anayang'ana mkazi wake, kenaka pansi.

"Ginette, wachita chiyani?"

"Ine? Ukufunsa ine? Tafotokoza iweyo, chinthu cha m'manda chikutani m'masokosi mwako!"

"Alamu," anatero Solange, mawu ali pansipansi, "ndiuzeni kuti si umenewu. Ndinamizeni, mwina ndikhulupirira."

Fernand anapinda chipewa chija m'manja mpaka chinasanduka chiguduli.

"Ndi womwewo, alamu."

"Munamubera mng'ono wanu ali m'bokosi?"

"Sindinabe! Ndiye kuti... ndinatenga, inde, koma sindinapite kukaba." Anayang'ana mpeniwo. "Mukukumbuka munatuluka kukalandira abale anu a ku Ambert? Ndinatsala naye ndekha. Ndinamusisita pachifuwa, basi ndikumva kanthu kolimba. Ndinadziwa. Ndinati ndingougwira komaliza. Mpeni umenewu ndinkamuona nawo tsiku lililonse, podula buledi, posenda apulo, pondiloza nawo tikamakangana. Ndangoutsegula chonchi, chitseko chatseguka, anthu otseka bokosi alowa, inu muli kumbuyo kwawo mukulira. Ndikanatani? Ndipise m'thumba mwa maliro anthu onse akuona? Ndinaubisa m'dzanja. Ndinati akacheuka ndibwezera. Sanacheuke. Anatseka."

"Ndiye munakhala chete."

"Kutchalitchi ndinati ndikuuzani kumanda. Kumanda ndinati ndiuponya m'dzenje pamodzi ndi dothi, dzanja linakana. Kenaka tsiku lililonse likadutsa, kunena kunkalemera kuposa dzulo lake."

Solange anaimirira. Sanadziwe kuti ali ndi mawu aakulu chotero mpaka atawamva akugunda magalasi a shopu.

"Mumadya patebulo panga! Munkandimva ndikuuza anthu kuti bola Gaspard sanapite chimanjamanja, inu n'kumagwedeza mutu, mpeni uli m'thumba mwanu! Ndimapita kumanda kuja n'kumamufunsa ngati ukuthwabe. Ndimamuseka kuti asawadule zala angelo. Chaka chonsechi ndakhala ndikucheza ndi thumba lopanda kanthu!"

Misozi inkatsikira m'ndevu za Fernand, iye osaipukuta. Ginette anali atatsamira khoma, dzanja kukamwa, akuyang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba.

"Tulukani, alamu."

"Alamu, pepani, ine..."

"Ndati tulukani."

Anatuluka, naiwala kuvala chipewa ngakhale mvula inali itakula. Ginette anagwada n'kuyamba kutola anyezi mmodzimmodzi, akulira mosatulutsa mawu.

Solange anatenga mpeni uja. Kenaka anautsegula, nagwira nsonga ndi zala ziwiri, n'kuyesa uku ndi uku. Unkagwedera zedi. Msomali wamkuwa uja unali utalekerera, ndipo chitsulo chinkasewera pakati pa mbali ziwiri za chogwirira. Mpeni wotero umapindikira chala cha mwini wake. Sanaganize zoti aukonze kapena ayi. Anangoona manja ake akoka kale kanyundo kakang'ono.

Analowetsa kachitsulo kopyapyala ngati pepala pambali pa chitsulo cha mpeni, kuti pomanga usathinitse. Anakhazika mutu umodzi wa msomali pa chitsulo chosulirapo, nayamba kugogoda mutu winawo, mozungulira m'mphepete, mopepuka. Nyanga yakale sifuna ukali: ukangowonjeza mphamvu, yang'aluka, ndipo palibe chobwezera. Anaika nyundo pansi, napuma, n'kuyambanso. Go, go, go. Anatembenuza, nagogodanso mbali inayo. Anasolola kachitsulo kaja n'kuyesa. Kunatsala kugwedera pang'ono. Anabwereza.

"Achemwali," Ginette ananong'ona, "ndikanadziwa sindikanabwera nawo."

"Mukanapanda kubwera nawo ndikanafa ndili chitsiru. Tandipatsirani kabotolo ka mafutako."

Anasalaza mitu ya msomali ndi tupa, nadontheza mafuta pang'ono polumikizira. Atatseka, mpeni unalira kuti tha, mawu omwe ankawamva kukhitchini Gaspard akamaliza kudya. Apa ndi pomwe Solange analira, mutu uli patebulo pakati pa matupa ndi fumbi la nyanga, Ginette atamugwira mapewa.

Masana anatseka shopu n'kukwera mtunda wa kumanda, mpeni uli m'thumba la jasi. Ankafuna akaukwirire m'mbali mwa mwala. Anagwada, nakumba kadzenje ndi zala m'dothi lonyowa. Koma ataona madzi akudzaza m'kadzenjemo, anaganiza za dzimbiri lomwe lidzadye chitsulo chomwe wangochikonza kumene, ndipo mtima unakana. Anafotsera kadzenje kopanda kanthu.

"Mkulu wako ndi mbava," anauza mwalawo. "Mbava yamantha, yolira ngati mwana. Ukanamuona."

Lamulungu Solange sanapite kuphwando la Fernand. Anaitana Ginette pakhomo, namupatsa mpeni uja m'kansalu komwe unabwerera.

"Kawapatseni. Muwauze kuti mpeni ndi wodulira, asiye kuuseweretsa. Ndipo asaponde pano mpaka ndidzawaitane ndekha."

Ginette anafotokoza pambuyo pake kuti Fernand atamasula kansaluko anadzuka patebulo, alendo ali pomwepo, n'kukadzitsekera m'galaja mpaka chakudya chinazizira.

Solange sanafulumire. Chilimwe chonse ankati akamuona Fernand mumsewu, ankawolokera tsidya lina. Masamba atayamba kuyoyoka, mphepo inasasula matailosi a denga la shopu, madzi n'kumadonthera pa makina onolera. Anayang'ana dengalo, natenga foni.

"Alamu, muli ndi makwerero aatali aja? Bwerani nawo mawa m'mawa. Koma musayembekeze khofi."