Besi ya Achimwene

Nyimbo yoimba ndi pakamwa pokha, yopanda gitala kapena limba, ili ndi khalidwe limodzi loipa: imatsika. Mumayamba bwinobwino, aliyense pa mawu ake, koma pofika kumapeto mumapezeka kuti nonse mwatsetsereka, ndipo omvera sadziwa kanthu chifukwa mwatsetsereka limodzi. Amene amadziwa ndi wosunga kafoloko, ndipo m'gulu lathu wosunga kafoloko ndine. Ndi kachitsulo ka mphanda, ukakamenya pabondo n'kukaika pakhutu kamalira liwu limodzi lomwelo, lero ndi mawa. Ndimakamenya tisanayambe kuti aliyense atenge poyambira. Tikamaliza ndimakamenyanso, koma mobisa, ngati ndikukonza tsitsi. Kwa chaka chathunthu kankandiuza kuti tathera pansi, ndipo ine sindinauze munthu.

Tinalipo asanu. Ine ndine telala, ndimaimba aluto komanso ndimagawa mawu. Namwino amaimba sopulano, Dalaivala tenala, ndiye pali wina timangomutcha Ng'oma chifukwa ng'oma zonse amazitulutsa ndi milomo, malovu n'kumatiwaza anzakefe. Wachisanu anali achimwene anga, a besi. Tinkakumana Loweruka masana m'chipinda cha kuseri kwa shopu yanga, pakati pa mipukutu ya nsalu ndi chidole chopanda mutu chimene ndimayezera madiresi. Nsalu zimameza phokoso, choncho mawu a munthu amamveka mmene alili.

Kumvera nyimbo anandiphunzitsa ndi achimwene omwewo. Ndili mtsikana ankandikhazika pafupi ndi wailesi, gulu likamaimba iwo n'kumandigunda ndi chigongono. "Usamvere akukuwa pamwambayo, ameneyo aliyense akumumva. Mvera wapansiyo, anzake onse atsamira iyeyo." Titakula ankabwera kushopu ndi foni, kundionetsa magulu a masiku ano, anthu asanu ndi mamaikolofoni basi koma kumveka ngati bandi yathunthu. Tinkabwereza malo amodzi kakhumi, makasitomala akudikira. Pamene mawu asanu agwirana bwino pamamveka liwu lina lachisanu ndi chimodzi limene palibe akuliimba, ndipo achimwene likatero ankatsinzina, ubweya wa m'mikono mwawo utaimirira. Gulu lathu tinaliyambitsa pofuna liwu limenelo.

Koma achimwene amagwira ntchito yodula ndi kupala zitsulo, kupanga mageti ndi mafelemu a mawindo, zaka makumi awiri ndi ziwiri tsopano. Zotsekera m'makutu zimakhala pamsomali ku wekishopu, zitachita fumbi, akuti zimawayabwa. Alamu anga, akazi awo, ndi amene anayamba kudandaula kuti wailesi ya kanema kunyumba ikumveka mpaka kumsewu. Kenaka ndinaona kuti ukawafunsa kuti nthawi ili bwanji amangoti eya, n'kumwetulira. Poimba ankayamba bwino, koma pofika ndime yachiwiri besi inkayamba kumira, ndipo popeza tonse timatengera kwa besi, tinkamira nayo.

Anzanga sanali ogontha. Tsiku lina achimwene atapita, Dalaivala anatsalira akupinda mipando.

"Achemwali, galimoto yathu ikuyenda ndi tayala lakuphwa. Muwauza liti?"

"Ukawauze iweyo, poti pakamwa uli napo."

"Ine? Andiwotcherere pageti?"

Tinaseka, koma kuseka kwake kosakoma. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, kasitomala wonenepa ndimamuuza pamaso kuti nsalu yake siikwana. Koma kwa achimwene pakamwa pankandiuma. Ndinkadziwa kuti sabata yonse amapirira kulira kwa makina chifukwa kutsogolo kuli Loweruka. M'malo mowauza ndinangosintha malo, ndikuima kudzanja lawo lamanja, kumene khutu linkamvako bwino, n'kumapendekera mutu kwa iwo. Patapita masabata anayamba kuika dzanja paphewa panga tikamaimba, dzanja lolemera, lazipsera za moto. Ndinkaganiza kuti ndi chikondi cha pachibale, ndipo ndinkanyadira nazo, chitsiru ine.

Zinaululika tsiku limene tinapita kukajambula nyimbo zathu zitatu. Linali Loweruka m'mawa. Situdiyo yake inali zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi galasi, china chomata masiponji m'makoma, china cha kompyuta. Mwini wake, bambo wadazi amene sankatidziwa, anati aliyense alowa yekha, avale mahedifoni, aimbe motsatira limba limene aziliza m'makutumo. Ndinayesa kunena kuti ife timaimba titaima limodzi, koma iye anati mawu akasakanikirana sakonzeka.

Namwino analowa, natuluka. Dalaivala chimodzimodzi. Achimwene analowa atavala malaya oyera amene ndinawasokera, naima patsogolo pa maikolofoni, n'kuloza m'mwamba ndi chala.

"Kwezani pang'ono."

Wadazi anakweza.

"Kwezaninso, sizikumveka."

"Bambo, zafika pamapeto," anatero kudzera pa kabatani kolankhulira. "Kulira kwake kukumveka mpaka pa maikolofoni."

Achimwene anagwedeza mutu ngati amva, nayamba kuimba. Mawu awo anali akadali omwe aja, akuya, ofunda, oti ukakhala pafupi umawamva m'chifuwa. Ndinaona dzanja lawo lamanja likukwera lokha, likufunafuna m'malere, mpaka linagwira chitsulo cha maikolofoni. Pofika ndime yachiwiri limba linali kwake, iwo kwawo. Ng'oma anawerama n'kumayang'ana nsapato zake.

Atatsiriza, wadazi anatikodola tonse anayi kuti tione pa kompyuta. Panali mizere yowongoka yopingasa, imene inali manotsi a limba, ndi mzere wina wofiira umene unkayenera kuyenda pamwamba pake. Wofiirawo unayamba pamalo pake, kenaka n'kumapendama, kupendama, mpaka kumapeto unali pansi patali.

"Ndikhoza kuuwongola," anatero motsitsa mawu. "Kompyuta imakoka liwu lililonse n'kuliika pamalo pake. Mwiniwake sangadziwe."

Namwino anavomera ndi mutu msangamsanga. Inenso ndinavomera, sindingabise. Palibe anaona kuti achimwene atuluka kale m'chipinda muja ndipo aima kumbuyo kwathu. Zimene wadazi ananena sanazimve. Koma munthu amene wakhala zaka zonsezi akuyeza zitsulo ndi diso safuna womuuza kuti mzere wapindika.

"Wofiirawo ndi ndani?" anafunsa achimwene.

Dalaivala, wapakamwa uja, anayamba kufufuza makiyi m'thumba.

"Mlongo, ndikufunsa iwe."

"Ndi inuyo, achimwene."

Ndinachita kubwereza mokweza, chifukwa koyamba sanamve. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, chala chawo chikuutsatira pagalasi la kompyuta kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Ndi lero lokha?"

"Ayi."

"Kuyambira liti?"

"Patha chaka."

"Chaka," anatero. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Chaka chathunthu ndikulowa m'dzenje, inu anayi mukunditsatira pambuyo, mukumwetulira. Paukwati paja, kuholo kuja, anthu akuwomba m'manja, iwe kafoloko kali m'manja, ukudziwa."

"Ndimaopa kukupwetekani."

"Ine ndimadziwa kuti makutu akupita, sindine mwana. Namwino ndinasiya kumumva kalekale. N'chifukwa chake ndimakugwira paphewa, kuti ndizimva m'dzanja mmene ukuimbira. Ndimati zikuthandiza. Ndimati zikanakhala kuti zalakwika, mlongo wanga uja pakamwa pake sipasunga kanthu, akanandiuza."

Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo chibadwire. Anatambasula dzanja, ine ndikuganiza kuti akufuna kafoloko, koma anati ndikamenye ndekha. Ndinakamenya pabondo, n'kukaika pafupi ndi khutu lawo lamanja. Ine ndinkakamva kulira ndili chapatali. Iwo anatsinzina, akudikira, nkhope itakhazikika ngati munthu amene ali pamzere wa kuchipatala.

"Menya, mlongo."

"Ndamenya kale, achimwene."

Anatsegula maso, anapempha wadazi kuti mzere wofiirawo aufufute, asauwongole, kenaka anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Tinamva chitseko cha kunja chikutsekeka pang'onopang'ono. Tsiku limenelo sitinajambulenso kanthu.

Sabata yonse sanandiyankhe foni. Alamu anati kuchipatala awauza kuti zimene zapita sizibwerera, ndipo tsopano zotsekera m'makutu akuvala, pamene zatsala zoteteza ndi zochepa. Ndinkasoka n'kumasula, kusoka n'kumasula, mpaka diresi la munthu ndinaliika manja mopotoza.

Loweruka tinakumana anayi. Tinagwirizana kuti Ng'oma asiye ng'oma zake agwire besi, ngakhale mawu ake ndi opyapyala pansi. Tikukonza mipando, achimwene analowa atavala ovolosi ya kuntchito. Sanapite pamalo pawo. Anakhala pabenchi pafupi ndi khomo, pambali pa chidole chopanda mutu chija, chipewa chili pamaondo.

"Yambani," anatero. "Ndabwera kudzaonera."

Ndinamenya kafoloko, ndinapereka poyambira, tinaimba nyimbo yomwe ija. Iwo ankatiyang'ana milomo, wina pambuyo pa mnzake, osaphethira. Kumanzere kwanga kunali mpata woti munthu angaimepo, ndipo ndinapezeka kuti ndapendekerabe mutu komweko. Liwu lachisanu ndi chimodzi lija silinabwere. Nyimbo inayenda ngati nyumba yosesedwa bwino imene katundu wake watulutsidwa.

Titatseka pakamwa, ndinamenyanso kafoloko, ulendo uno poyera, aliyense akuona. Kanalira ndendende pamene tinathera. Dalaivala anayamba kumwetulira, koma atandiona anasiya.

"Mwathera pati?" anafunsa achimwene.

Ndinayenda mpaka pamene anakhala, ndinawerama kuti aone milomo yanga bwino.

"Pomwe tinayambira."

Anagwedeza mutu kawiri, ngati mmene amachitira geti likatsekeka popanda kukhula pansi. Anaimirira, anandigwira paphewa kamodzi, mopepuka, n'kuchotsa dzanja.

"Ndiye zili bwino," anatero, navala chipewa. "Pitirizani."