Dothi la M'mabotolo

Azakhali anali munthu woti akangoona fumbi, mutu unkawawawa. Atafika kudzacheza kwa mchimwene wawo, dalaivala wa lole, sanakhale n'komwe pansi, anagwira tsache. M'chipinda cha mwana wa mchimwene wawoyo, mtsikana amene onse ankamutcha Namafunso, anapeza mabotolo ali ndandanda pa shelefu, lililonse lodzaza ndi dothi. Dothi m'nyumba! Poti sankataya kanthu, anakhuthulira botolo lililonse m'chitini chake kuseri kwa khitchini kuti adzadzalemo maluwa. Mabotolowo anawatsuka mbee, timapepala ta maina a malo tomwe tinali pamabotolopo n'kumatuka tonse.

Namafunso atabwerako kusukulu anapeza mabotolo ake onse alibe kanthu. Dothilo ankamubweretsera ndi bambo ake kuchokera kulikonse kumene lole yawafikitsa, kumapiri, kumadambo, kumalo ouma kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo. Linali la chionetsero cha jogalafe chakumapeto kwa teremu, ndipo tsopano palibe ankadziwa kuti ili n'lakuti. Bambo akewo anayesa kununkhiza chitini chimodzi, n'kuvomera kuti iwo amadziwa misewu basi. Kenako anaseka kuti mlendo wabweradi ndi kalumo kakuthwa, kameta ndi shelefu yomwe.

Mtsikanayo sanaseke. Anasiya kulankhula ndi azakhali, kupatula moni wouma wam'mawa. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa mwanayu anamulera kumsana ali khanda.

Posowa chochita, azakhali anayamba kuthirira zitinizo m'mawa uliwonse, akudandaula mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Chitini ichi n'chadyera, madzi amangolowa ngati wathira m'dengu. Ichi chakudachi n'chaumbombo, chimasunga madzi mpaka madzulo. Chofiirachi chili ndi khalidwe. Sankadziwa kuti pawindo pali khutu.

Patapita masabata angapo, zitini zinayamba kuyankha. M'dothi lakuda lomata munatuluka timaudzu ta m'madzi. Mumchenga munamera kamtengo kaminga, kamasamba ang'onoang'ono. Dothi lonunkhira masamba ovunda linachita ndere zobiriwira, koma mbali ya mthunzi yokha. Azakhali anawerama kuti azule zonsezo, poti kwa iwo unali udzu.

"Zakhali, musazule!"

Namafunso anatulukira pakhomo wopanda nsapato. Anagwada, n'kuyamba kuloza: ili n'lakudambo, ili n'lakouma kuja, ili n'lam'nkhalango yakumapiri kozizira. Mbewu zinali gone m'dothimo nthawi yonseyi, kudikira madzi. Ankalankhula mosapumira, za nyengo, za mvula, za chifukwa chake chomera cha kouma chimakhala ndi masamba ochepa, dzanja lake lili paphewa pa azakhali. Iwo sanamve zambiri. Ankangomva dzanjalo.

Tsiku la chionetsero anzake anabwera ndi mapu ojambula. Namafunso anabwera ndi zitini zija pa wilibala, akukankha limodzi ndi azakhali, amene ankakalipira aliyense woyandikira kamtengo kaminga kaja. Aphunzitsi anachedwa kwambiri pa tebulo lawo, mpaka anapempha kuti zitinizo zitsale m'kalasi.

Tsiku loti abwerere kwawo litafika, azakhali anatsegula chikwama pamaso pa onse n'kuikamo botolo limodzi lopanda kanthu. Mchimwene wawo anafunsa ngati ayamba kuba mabotolo.

"Pa shelefu ya mwanayu palibe dothi la kwathu," anatero. "Ndidzabwera nalo ndekha. Ndipo wina asadzayerekeze kulikhudza."