Chitsime cha Malemu Bambo

Nadzimbiri anathira kaufa kakuda m'botolo la madzi, natseka, n'kuyamba kukhutchumula. Dzinali anamupatsa ndi anzake a mu labotale, chifukwa malaya ake oyera sankatha tsiku osathimbirira ndi dzimbiri. Kaufako kanali kachitsulo, kosalala kuposa phulusa, ndipo ntchito yake inali kugwira mchere wina wa m'madzi wotchedwa seleniyamu. Ukayandikiza maginito pambali pa botolo, kaufa konse kankathamangira kugalasi katanyamula seleniyamuyo, madzi n'kutsala mbee.

Ndi madzi okonza okha mu labotale zinkayenda bwino kwabasi. Koma tsikuli m'botolomo munali madzi a kwawo, a pachitsime chimene malemu bambo ake anakumba ndi manja kuseri kwa nyumba.

Chiyambireni anthu kukumba miyala kumtunda kwa nyumbayo, seleniyamu anachuluka m'chitsimemo. Thupi limamufuna pang'ono chabe. Akapyola muyeso amathothola tsitsi ndi kuphwanya zikhadabo. Tsitsi la amayi ake linali litayamba kale kutsalira m'chipeso. Ndipo linali tsitsi ilo! Lalitali, logwirana, loti Nadzimbiri ali mtsikana ankaliluka masana onse pakhonde, amayi akudandaula kuti akukoka ngati akuzula udzu. Khonde limenelo ankalisowa mpaka mtima kuwawa.

Anawachonderera kambirimbiri kuti azitunga pampopi wa kumsika. Amayi anakanitsitsa. Ati madzi apampopi amanunkha mankhwala, komanso pa zonse zimene amuna awo anasiya, chitsime chokha ndicho chinkagwirabe ntchito. Pofuna kuwatonthoza, Nadzimbiri anawalonjeza kuti akukonza mankhwala oyeretsera chitsimecho, angodikira. Amayi anagwiritsa mawu amenewo, n'kumapitiriza kumwa.

Makina oyezera atatulutsa zotsatira, Nadzimbiri anaziwerenga kawiri. Seleniyamu wambiri anali akadali momwemo. A Profesa, mkulu wa labotaleyo, anasuzumira paphewa pake nanena zimene iye ankaopa kale: m'madzi a pachitsime muli michere ina yambiri imene imalimbirana malo pa kaufako, seleniyamu n'kusowa pogwira.

"Njira tidzaipeza, mwanangu," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe tsitsi, a Profesa."

Mkuluyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake anasiya. Nadzimbiri anafunsa kuti zingatenge nthawi yaitali bwanji. A Profesa sanamubisire. Kuti kaufako kafike pothira m'madzi akumwa anthu, pankafunika zaka.

Anatuluka n'kukakhala pamasitepe a kuseri, pamene anthu ankasutirapo fodya, naimbira amayi ake foni. Amayi anayamba ndi zawo za masiku onse, kufunsa ngati wadya, ndi kumudzudzula kuti mawu ake akumveka ngati a munthu wogona ndi njala. Iye anawasiya amalize.

"Amayi, mankhwala aja akanika. Musandidikirenso. Chitsime chija titseke."

Nadzimbiri anakanikiza foni kukhutu. Chapatali ankamva kulira kwa chitseko cha kukhitchini, chija bambo ankati adzachithira mafuta mawa, mpaka anapita osachithira. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Nanga bambo akowo ndiwauza chiyani?" anafunsa amayi. Mmawa uliwonse potunga madzi ankalankhula ndi malemuwo ngati ali pomwepo.

"Muwauze kuti ndalephera ndine. Iwo anakumba bwino."

"Choka iwe, sunalephere kanthu. Miyalayo unakumba ndiwe?" Anapumira m'mwamba. "Chabwino, nditseka. Koma chivundikiro chija n'cholemera, ndekha sindingachithe. Bwera tidzatseke awiri. Ubwerenso ndi ulusi, udzandiluke tsitsili likadalipo."

Nadzimbiri anavomera ndi mutu, kuiwala kuti amayi sakumuona.

Atabwerera mkati anapempha tchuthi, ndipo a Profesa sanafunse chifukwa. Madzi a pachitsime aja amene anatsala m'chigubu sanawataye. Anawaika pashelefu ya pamwamba kuti adzapitirize nawo akabwerako. Anavula malaya a dzimbiri aja n'kuwakoleka kuseri kwa chitseko.

Popita kokwerera basi anaima pagolosale ya pakona nagula ulusi wakuda. Atafika pakhomo pa golosaleyo anabwereranso, n'kupempha wogulitsayo kuti amuonetse chipeso cha mano otalikirana, chosakoka tsitsi.