Filimu Yotsalira M'kamera ya Bambo Ignasio

Kamera ya bambo Ignasio inali bokosi lachitsulo, lolemera, lokhala ndi diso loyenda. Ukapukusa kiyi n'kudina, disolo linkatembenuka pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kutola mudzi wonse pa chithunzi chimodzi chachitali. Anawasiyira ndi malume awo amene ankagwira ntchito padoko ku Nsanje.

Mayi Jacqueline, otolera makamera akale, anachoka ku Blantyre mpaka ku Makhuwira kudzaiona. Anaitembenuza uku ndi uku akung'ung'udza ndi chimwemwe, ati zoterezi zatsala zowerengeka. Chala chawo chitafika pa chotsekulira, bambo Ignasio anawagwira dzanja.

"Musatsekule, mayi. Muli filimu. Muli akazi anga."

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo anajambula kwaya ya amayi itandanda m'mbali mwa Shire, akazi awo a Estere ataima kumapeto kwa mzere, kumanzere. Mwezi wotsatira a Estere anamwalira. Zithunzi zawo zina zinapita ndi madzi osefukira. Otsuka mafilimu anali atatseka kale, komanso bambo Ignasio ankaopa kuuzidwa kuti mulibe kanthu.

"Ndi kutentha kwa kunoku, mwina inapsa," anatero mayiwo mosabisa. "Koma mukalola, ndikayesa."

Bambo Ignasio anavomera ndi mutu. Mayiwo analowetsa kamera m'thumba lakuda, n'kutulutsa filimuyo ndi manja okha osaona.

Anabweranso patatha milungu itatu, n'kutambasula chithunzi pamkeka, kutalika ngati mkono. Mitengo inali itafufutika, mtsinje uli mbuu, koma nkhope zinalipo. Kumanzere kunali a Estere, manja pachifuwa. Bambo Ignasio anayendetsa chala pamzerewo, ndipo kumapeto a kumanja anapezanso a Estere, duku litapendekeka, akuseka mano onse pamtunda.

"Munakwatira mapasa, bambo?" anafunsa mayi Jacqueline.

Apo m'pamene bambo Ignasio anazindikira. Diso lija litawadutsa, a Estere anathamanga kuseri kwa anzawo kukalidikira mbali inayo, amuna awo maso ali pa kamera.

"Mkazi ameneyu!" anatero, akupukuta magalasi ndi malaya. "Zaka makumi atatu ndikumufulumizitsa popita kutchalitchi, sanathamangepo n'kamodzi komwe."

Anaitana mdzukulu wa a Estere amene anali kusinja kuseri, kuti akauze amayi a kwaya abwere adzadzione.